Munda unapsa, dimba linamira: lipoti la kalabu ina ya alimi a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, dzinja la 2023/24

Ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo midzi imene ndimayendera ili m'mphepete mwa nyanja, kudzanja lamanja la msewu wochokera ku Mangochi Boma kupita ku Monkey Bay. Lipotili ndalembera alangizi anzanga ndi alimi otsogolera a m'madera ofanana ndi langa. Dzina la mudzi ndi maina a anthu ndawasiya dala. Nkhani yake ndi ya kalabu imodzi ya mabanja 17, amene ambiri mwa iwo anataya mbewu kawiri m'dzinja limodzi. Chimanga cha kumunda chinapsa ndi dzuwa mu Febuluwale 2024, ndipo chimene anathamangira kukabzala kudimba chinamira m'madzi a nyanja mu Malichi ndi Epulo. Amene anawauza kuti atsikire kudimba nthawi imeneyo ndine.

Malowo

Amene sanakhaleko kuno amaganiza kuti kukhala pafupi ndi nyanja ndiye kukhala ndi mvula. Dera lathu ndi chigwa chotentha cha malambe ndi migwalangwa, nthaka yake yamchenga, ndipo mvula ya pachaka imazungulira pa mamilimita 800. Anzathu a ku Namwera, pamwamba pa mapiri a kuvuma, amalandira yochuluka kuposa ife ngakhale tili boma limodzi. Minda ya kalabuyi ili chakumtunda, pafupi ndi msewu. Madimba ali kumunsi, pakati pa mudzi ndi mabango, pamalo amene nyanja ikamaphwa m'chilimwe imasiyapo chinyontho. Abambo ambiri ndi asodzi komanso alimi, kotero ntchito yambiri ya kumunda imagwera amayi.

Zomwe zinachitika

Mu Sepitembala 2023 a nthambi yoona za nyengo anatulutsa ulosi wa dzinja. Ananena za El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula, kuti kummwera mvula ikhoza kuchepa ndipo kumpoto ikhoza kukhala yokwanira kapena yochuluka. Ndinaupereka ulosiwo kwa alimi anga, koma ndinangotengapo theka lotikhudza, la kummwera. Tinagwirizana zobzala mbewu yocha msanga ndi kutseka mizere kuti madzi asamathawe. Za kumpoto sindinazitchule n'komwe, chifukwa ndinkaona ngati ndi uthenga wa alangizi a ku Karonga ndi ku Rumphi.

Mvula yobzalira inabwera mochedwa komanso mwa apo ndi apo, koma pofika mu Janyuwale chimanga chinali chitaima bwino, ambiri atathira kale feteleza wobereketsa. Kenaka mvula inadula. M'kaundula wanga wa mvula, masabata a pakati pa Febuluwale ali ndi ziro zokhazokha. Chimene sindidzaiwala ndi mmene thambo linkachitira. M'mawa mitambo inkayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a tsidya, anthu n'kumaloza kuti lero ibwera. Dzuwa likafika paliwombo mitambo ija inkaphwanyika n'kusungunuka, ngati pali dzanja limene likuikanikiza kuti isakule. Usiku kunkawala nyenyezi ngati mu Ogasiti. Kamphepo konyowa ka mpoto kamene timakazolowera m'dzinja kanasowa. Apa n'kuti chimanga chikumasula ngayaye, nthawi imene sichipirira ludzu ngakhale la sabata imodzi. Masamba anapindika n'kusongoka ngati a anyezi, ndevu zinauma zisanalandire ufa wa ngayaye, ndipo zisononkho zinatuluka zopanda maso.

Chakumapeto kwa mweziwo tinakumana pansi pa mtengo wa mango kwa amfumu. Ndinawauza kuti chaka sichinathe, aliyense amene ali ndi mbewu yotsala kapena kandalama ka usipa atsikire kudimba tsopano, osadikira Meyi monga mwa masiku onse, kuti pofika mu Juni akhale atadya mondokwa. Ambiri anavomera. Agogo ena aamuna, amene anasiya kupalasa bwato chifukwa cha maso, anakweza dzanja.

"Alangizi, mwanena bwino, koma nyanja sinabwere. Nyanja imabwera mvula ikatha. Madzi saiwala khwawa. Mu 1980 pamene mukuti tibzalepo ife tinkatcherapo ukonde."

Ndinawayankha mwaulemu kuti zimenezo zimachitika chaka cha mvula yambiri, ndipo chaka chino ngakhale khwawa la kuseri kwa sukulu silinayende. Ndinafunsa kuti madzi okweza nyanja achokera kuti kunja kukuchita ng'amba chonchi. Anthu anaseka pang'ono, agogo aja anangoti "Chabwino, Alangizi," n'kukhala chete. Masiku omwewo wailesi inkanena za kusefukira kwa madzi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota ndiponso ku Karonga. Ndinamva, ndinawamvera chisoni anthu akumeneko, koma sindinaganize kuti mitsinje imene yawagumulira nyumbayo ikuthira m'nyanja yomwe ili kumunsi kwa madimba athu.

Mabanja 14 anabzala. Chimanga chinamera mokongola, chifukwa chinyontho chinalipo chambiri, ndipo tsopano ndikudziwa kuti kuchuluka kwa chinyonthocho kunali kale chenjezo. Madzi sanabwere ndi mkokomo ngati a mtsinje. Anabwera cham'munsi. Mayi wina anandiuza kuti anayamba kuona kuti akaponda m'khwawa la pakati pa mizere, phazi likachoka m'dindomo mukudzaza madzi. Patapita masiku makwawa onse anali ndi madzi oima, chimanga chayamba chikasu. Unali mwezi wa Ramadhani, anthu ambiri m'mudzimo akusala, koma ankalawirira ndi makasu kukakweza mizere ndi kuunda kamtumbira kotchinga kumbali ya mabango. Kenaka kunawomba mphepo ya mpoto masiku awiri, mafunde anadumpha mabango, ndipo kamtumbira kaja kanapita usiku umodzi. Pa 23 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Alimi anga anamva chilengezo cha chilalacho ali m'madzi ofika m'mawondo. Mu Epulo nyanja inapitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa gombe la Mangochi, ndipo pamene panali madimba a kalabuyi pankadutsa mabwato. Mizere ingapo yakumtunda imene inatsala inadyedwa ndi mvuu, zimene madzi anazifikitsa pafupi ndi mudzi.

Kumene mvula yathu imachokera

Funso limene ndinawafunsa agogo aja linali loyenera kuti ndidzifunse ndekha, ndipo yankho lake lili mu mpweya. Mpweya ukakhala masiku ambiri pamwamba pa malo aakulu ofanana, umatengera khalidwe la malowo. Wokhala pa nyanja yofunda umafunda ndi kudzaza chinyontho. Wokhala pa chipululu umauma. Wochokera ku nyanja zozizira za kummwera kwa dziko lapansi umabwera ndi chisanu. Ukanyamuka umayenda ngati chimtolo chimodzi chachikulu, chotambalala makilomita mazanamazana, ndipo kumene wafika umakapereka nyengo ya kwawo. Makolo athu ankazidziwa izi m'njira yawo, n'chifukwa chake maina a mphepo ndi maina a mbali za dziko ali amodzi: mpoto, mwera, vuma, zambwe. Msodzi akati kwabwera mwera sanena za kolowera mphepo kokha. Akunena za kuzizira, mafunde, ndi masiku amene akhale pagombe osalowa m'madzi.

M'dzinja pa Malawi pamakumana mipweya itatu. Wina umachokera ku nyanja ya Atlantic, n'kudutsa pamwamba pa nkhalango za ku Congo kumene umamwa chinyontho chochuluka, n'kutilowera chakumpoto kozambwe kudzera ku Zambia. Umenewu ndi umene pa wailesi amautcha mpweya wa ku Congo, ndipo ukafika timaudziwa: kunja kumachita chitungu, thukuta siliuma, mvula imagwa masiku otsatizana. Wachiwiri umachokera ku nyanja ya India chakummwera kovuma, wokankhidwa ndi dera la mpweya wolemera limene limakhala kufupi ndi zilumba za Mascarene, kuvuma kwa Madagascar. Wachitatu umatsika kuchokera kumpoto kovuma, kutsata gombe la Kenya ndi Tanzania. Pamene mipweyayi yagundana palibe kolowera kwina koma kumwamba. Mpweya wonyowa ukakwera umazizira, chinyontho chimasanduka mitambo, mitambo n'kugwetsa mvula. Mzere wa kukumanaku ndiwo msempha wa mvula umene a zanyengo amautcha ITCZ. Umatsata dzuwa: umatsikira kwathu cha mu Novembala ndi Disembala, umafika kummwera kwenikweni mu Janyuwale ndi Febuluwale, n'kubwerera kumpoto mu Malichi ndi Epulo.

Chaka cha El Niño madzi a pakati ndi kuvuma kwa nyanja ya Pacific amafunda kuposa masiku onse, ndipo ngakhale kuli kutali chotero, kayendedwe ka mpweya pa dziko lonse kamasokonekera. Kuno kummwera kwa Africa chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti m'mwamba, cha pa Botswana, mumakhazikika dera la mpweya wolemera umene umatsika pang'onopang'ono. Mpweya wotsika umafunda ndi kuuma, ndipo umakhala ngati chivundikiro pa mphika. Dzanja lija ndinkaliona likukanikiza mitambo ya pa mapiri a tsidya linali limeneli. Chinyontho chinalipo ndithu, nyanja ili pompo, koma mitambo sinkaloledwa kukwera kufika poti n'kugwetsa mvula. Zambia ndi Zimbabwe anapsa nafe limodzi mwezi womwewo pa chifukwa chomwechi.

Koma mpweya wonyowa ukatsekeredwa njira sutha. Umakakhuthula kumene waima. Msempha wa mvula unakhalitsa chakumpoto, ndipo Tanzania, amene chaka cha El Niño amalandira mvula yambiri pamene ife tikuuma, anavutika ndi madzi osefukira kuyambira kumapeto kwa 2023 mpaka mu Epulo 2024. Malire a mbali ziwirizi, youma ndi yonyowa, amadutsa m'dziko mwathu momwe. Apa ndi pamene nkhani ya mpweya imasanduka nkhani ya nyanja.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita opitirira 550, ndipo ife a ku Mangochi tili kumchira kwake. Mitsinje ikuluikulu yoidyetsa ili kumpoto ndi pakati: Ruhuhu wochokera ku Tanzania, amene ndi wamkulu pa yonse, Songwe wa m'malire, North Rukuru, South Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe. Madzi enanso ambiri ndi a mvula yogwa pa nyanja penipenipo. Kumpotoko mvula imachedwanso kutha. Msempha ukamabwerera mu Malichi ndi Epulo, mphepo ya kummwera kovuma imayenda mtunda wautali pamwamba pa nyanja yofunda, imatola chinyontho, n'kukagunda mapiri a ku Nkhata Bay, Karonga ndi a tsidya la Tanzania. N'chifukwa chake kumeneko mvula yamphamvu imagwa nthawi imene kuno tayamba kukonza nkhokwe. Potulukira madzi onsewo ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, umene umayambira pa khomo pathu pano n'kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi kupita ku Malombe. Ndipo Shire amachotsa gawo lochepa. Madzi ambiri, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, amachoka m'nyanja ngati nthunzi. Choncho nyanja imakwera pang'onopang'ono dzinja lonse, imafika pachimake mu Epulo kapena Meyi, n'kumatsika mpaka Novembala kapena Disembala. Agogo aja atati nyanja imabwera mvula ikatha, ankanena zimenezi ndendende.

Pali chinanso chimene ndinachinyalanyaza. Nyanja imasunga za zaka zam'mbuyo. Anamondwe Ana ndi Gombe mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anabwera m'zaka za mvula yambiri, ndipo dzinja la 2023/24 linayamba nyanja ili kale pamwamba. Chilimwe cha 2023 madzi sanabwerere kumene ankafika kale, ndipo alimi anandiuzapo kuti madimba ena akumunsi sanawalime chaka chimenecho. Ndinazilemba m'buku langa ngati dandaulo la malo, osaona kuti ndi muyezo. Mbiri ya nyanjayi ili ndi zotere mbali zonse ziwiri. Kuyambira 1915 mpaka 1935 inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka m'nyanja, pamene mu 1980 inakwera kufika cha pa mamita 477.

Za mafunde amene anagumula kamtumbira ndinazimvetsa nditacheza ndi asodzi. Mwera ndi umene umatchuka pa ngozi za panyanja, koma kwa ife a kumchira mwera umachokera kumtunda ndipo umakankhira madzi kumpoto. Mpoto ndiye umayenda utali wonse wa nyanja usanatipeze, n'kuunjika madzi ndi mafunde kuno. Nyanja yodzaza ikakumana ndi mpoto wa masiku awiri, madzi amafika pamene muyezo wa tsiku lodekha sungakuuze.

M'midzi munamveka kwambiri mawu akuti madzi akwera chifukwa zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zatsekedwa, ndipo alimi anga anandifunsa kangapo. Ndinawauza zomwe ndikudziwa: zitsekozo zimawongoleradi madzi otuluka, ndipo oziyang'anira amayenera kuganiziranso magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira komanso anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene madzi akatsegulidwa kwambiri amawapeza. Koma poti Shire amanyamula gawo laling'ono la madzi a nyanja, chaka chimene mitsinje yakumpoto yadzaza nyanja imakwera ndithu. Ine ngati mlangizi zitsekozo sindingazisinthe. Chimene chinali m'manja mwanga ndi tsiku lobzala ndi malo obzalapo.

Pamene ndinalakwitsa

Ndinayeza nyanja ndi chipangizo choyezera mvula cha pa ofesi yanga. Chipangizocho chimanena za mpweya umene uli pamwamba pa munda wathu, ndipo pa za munda chinanena zoona. Dimba la m'mbali mwa nyanja limamvera mpweya wina, umene uli pamwamba pa Karonga, Nkhata Bay ndi mapiri a Tanzania. Chaka cha El Niño mipweya iwiriyi imakonda kuchita zosiyana, kotero chaka chimene mlimi wa kuno akufunitsitsa kuthawira kudimba msanga ndi chaka chomwecho chimene dimbalo lingamire. Uthenga wonse wofunika ndinali nawo: theka la ulosi limene ndinalisiya, nkhani za pa wailesi za ku Dwangwa ndi Karonga, madimba amene sanaphwe chilimwe cha 2023, ndi mawu a munthu amene anaona 1980 ndi maso ake. Zimandipweteka kwambiri ndikakumbukira kuti mabanja ena anagula mbewu ya kudimbayo ndi ndalama imene akanagulira chimanga chodya, pa nthawi imene mtengo wake unali utakwera kale.

Ndinabwerera kwa amfumu madzi ali pachimake, ndinapempha kuti kalabu ikumane, ndipo ndinanena pamaso pa onse kuti upangiri wanga ndi umene unawalowetsa m'madzi. Ndinapitanso kunyumba kwa agogo aja. Sanandidzudzule. Anandigwira dzanja, mdzukulu wawo akutitsogolera, n'kukandionetsa mgwalangwa umene anati mu 1980 ankamangirirapo bwato. Uli kumtunda kwa pamene madzi a 2024 analekezera.

Zomwe tachita kuchokera pamenepo

Takhoma zikhomo zitatu za mtengo wouma motsetsereka kuchokera ku mudzi kupita ku mabango. Chapamwamba chili pa mgwalangwa wa agogo, chapakati pamene madzi anafika mu Epulo 2024, chapansi pamene adzalekezere kumapeto kwa chilimwe. Tagwirizana kuti pakati pa Janyuwale ndi Meyi palibe wa m'kalabu adzabzale kumunsi kwa chikhomo chapakati, ngakhale ng'amba itavuta bwanji. Ikadzachitikanso ng'amba ya pakati pa dzinja, tidzabzala mbatata ndi khobwe kumunda wakumtunda pogwiritsa ntchito mvula yotsalira, ndipo amene akufuna chimanga adzakumba zitsime zosaya kumtunda kwa chikhomocho n'kumathirira ndi makeni. Ndi ntchito yowawa kuposa kubzala pa chinyontho, ndipo amayi ananena mosabisa kuti idzagwera iwo. Nkhani yopeza thiredo pampu ya kalabu tayiyamba koma sinathe.

Kudimba tinatsikira mu Juni, mwera utayamba. Mpweya wozizira ndi wouma umenewo, umene umabwera madera a mpweya wolemera akamadutsa kummwera kwa Africa, ukamawomba pa madzi ofunda umafulumizitsa nthunzi, ndipo nyanja imayamba kubwerera moonekera. Tinkabzala motsatira madzi, mizere ingapo sabata iliyonse, pamene nthaka yasiya kumata ku khasu. Malo anachepa chifukwa nyanja sinabwerere msanga, moti mabanja ena anagawana dimba limodzi.

Ulosi wa dzinja tsopano ndimauwerenga wonse pamsonkhano, wa kummwera ndi wa kumpoto womwe, ndipo ndimafotokoza kuti woyambawo ndi wa kumunda, wachiwiriwo ndi wa kudimba. Tapezanso njira imene inalipo kale koma sitinkaiona. Pa madoko a kuno, makamaka chakumtunda ku Msaka ndi ku Monkey Bay, pali asodzi ambiri a ukonde wa chilimila ochokera ku Nkhata Bay, Usisya ndi Karonga, amene amaimbirana foni ndi kwawo pafupipafupi. Mmodzi wa iwo, amene anakwatira m'mudzi wa kalabuyi, anandiuza kuti mu Febuluwale yemwe uja abale ake ankamuuza kuti kwawo mvula sikupuma. Wavomera kuti kuyambira Disembala azitiuza zomwe akumva. Mlembi wa kalabu, mayi amene anayamba kuona madzi m'mapazi uja, azipita ku zikhomo Lachisanu lililonse anthu akatuluka ku mapemphero a Juma, aziyeza ndi mapazi mtunda wa pakati pa madzi ndi chikhomo chapakati, n'kulemba m'kope lomwe timalembamo za ngongole. Ine ndizikopera manambalawo m'kaundula wanga wa mvula, pa tsamba loyang'anizana ndi la mamilimita.